Pojambula Nang'omba, Imani Patali

Aphunzitsi ndi anyamata ambiri a ku Kasungu tsopano amayenda ndi kamera m'thumba, pakuti foni nayo imajambula. Ena akalowa m'thengo amafunitsa chithunzi cha nang'omba, mbalame yakuda ya khosi lofiira, yaikulu ngati nkhukundembo, imene mumaimva ikulira ngati ng'oma m'bandakucha mvula ikayandikira. Nchabwino ndithu. Koma muyambe mwadziwa mmene mbalameyi imaswera.

Anang'omba amayenda kagulu, koma pa gulu lonselo yoikira mazira ndi imodzi yokha. Enawo ntchito yawo nkututa chakudya: ziwala, abuluzi, achule, ngakhale njoka. Yaikaziyo, imene mungaizindikire ndi banga la buluu pakhosi, imalowa m'mphako ya mtengo waukulu niikira mazira awiri. Imafungatira masiku ngati 40. Mwana woswedwa pambuyo kawirikawiri amafa ndi njala, ndipo wotsalayo amakhala m'mphakomo pafupifupi miyezi itatu asanauluke. Ku South Africa akatswiri anapeza kuti gulu limodzi limakuza mwana mmodzi pa zaka ngati 9. Taganizani, nkhuku ikadaswa chotero bwenzi tikuweta chiyani? Nchifukwa chake mu 2010 bungwe la IUCN linailemba pa mbalame zimene zingathe kutha.

Tsono wokwera mtengo kuti ajambule mwana ali m'chisa angathawitse make, naononga ntchito ya zaka zambiri. Mphako ina aipeza kuti? M'minda ya fodya mitengo ikuluikulu yambiri inapita ku nkhuni za m'mabani ndi ku milimo ya zigafa.

Chitani chotere. Lawirani mmamawa mutavala zosawala. Musazithamangitse, onani kumene zikulowera, mukakhale phee patsogolo pake mutatsamira chulu, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Zimayenda pang'onopang'ono zikutola chakudya, ndipo zidzafika zokha. Zikaleka kudya nkuyamba kukuyang'anani, mwayandikitsa. Mukaona ina yaima ndi chakudya kukamwa osapita nacho, dziwani kuti chisa chili pafupi ndipo ikuopa inu, chokanipo msanga.

Mu Kasungu National Park, imene inakhala nkhalango ya nyama mu 1930 ndi paki mu 1970, musayende pansi popanda mlonda wa nyama. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo munthu amene maso ali pa kamera saiona njovu msanga.