MLANDU SUOLA M'BWALO LA OGWETSANA

Wolemba Mtolankhani Wathu

PALI mkangano umene sukutha pakati pa anthu okonda kupenyerera masewera ogwetsana, aja amene ambiri amawacha wrestling. Ena amati zonse zimene timaona pa wailesi ya kanema ndi zoona, pamene ena amati ndi bodza lokha-lokha lonamiza ana. Mkangano umenewu eni ake masewera anaudula kale. Mu 1989 akulu-akulu a kampani ya WWF anavomera pamaso pa opanga malamulo a cigawo ca New Jersey ku Amereka kuti zimene amacita ndi zosangalatsa anthu cabe, ndi kuti wopambana amadziwika ogwetsanawo asanalowe m'bwalo.

Tsono funso ndi lakuti: ngati wopambana adziwika kale, nanga anthu zikwi-zikwi amalipiriranji ndalama zao kukakhala m'bwalo? Yankho lake lili m'cinthu cimene anthu a kwathu amacidziwa bwino. Amene anali kumvetsera nthano za malemu Julius Chongo pa Poceza M'madzulo sanali kufunsa ngati zinacitikadi. Anali kufuna kuti wosimba asaiwale zimene ananena poyamba, ndi kuti woipa akalandire zoyenera iye pa mapeto. M'masewera ogwetsana muli munthu amene amamucha booker, ndipo nchito yace ndi yoluka nkhani: ndani adzadana ndi yani, cifukwa ninji, ndipo mlanduwo udzatha liti. Kusiyana kwace ndi kwakuti nthano iyi siitha usiku umodzi. Imatenga miyezi, zaka, ndipo nthawi zina imapitirira moyo wa amene anaiyamba.

MWANA WA KU PHIRI

Citsanzo cabwino koposa ndi ca Bambo Bruno Sammartino. Iwowa anabadwira ku Pizzoferrato m'dziko la Italy mu 1935. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anabisala m'phiri pamodzi ndi amai ao kuthawa asilikari a Germany, ndipo mu 1950 anafika ku Pittsburgh ali mnyamata wofooka ndi wodwala-dwala. Ananyamula zitsulo mpaka thupi linakhwima. Pa 17 May 1963, m'bwalo la Madison Square Garden mu mzinda wa New York, anagonjetsa Buddy Rogers m'masekondi 48 okha natenga lamba wa ungwazi wa kampani imene pa nthawiyo inali kuchedwa WWWF.

Lamba ameneyu anamusunga masiku 2,803, ndiko kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Mwini kampani, Bambo Vincent J. McMahon, anali ndi njira imene sinali kusintha-sintha. Kunali kubwera mdani woopsa kucokera kutali. Mwezi woyamba ndeu inali kutha mosadziwika bwino, kapena mdaniyo apambana mwa njira imene siimpatsa lamba. Mwezi waciwiri cimodzi-modzi, koma mkwiyo utakula. Mwezi wacitatu ndiye kunali kutseka mlandu, ndipo ngwazi inali kupambana poyera. Mdani uja acoka, wina abwera. Anthu osauka ocokera ku Italy ndi maiko ena, amene anali kugwira nchito zolemetsa m'mafakitale, anali kubwerera mwezi ndi mwezi kudzaona munthu wao akuimirira.

Pa 18 January 1971 cosayembekezeka cinacitika. Ivan Koloff, amene anali kumulengeza ngati munthu wa ku Russia cinkana anali wa ku Canada, anagonjetsa a Sammartino. Bwalo lonse linangoti zii, kotero kuti a Sammartino anasimba pambuyo pace kuti anayesa makutu ao agontha. Koloff anasunga lambayo masabata atatu okha, nampereka kwa Pedro Morales, munthu winanso wokondedwa. Apa ndi pamene paonekera nzeru za woluka nkhani: sanafune kuti okondedwa awiri amenyane, cifukwa anthu akanagawikana. Anaika woipa pakati monga mlatho. Mu December 1973 anacitanso comweco ndi Stan Stasiak, amene analanda lamba kwa Morales nakhala naye masiku asanu ndi anai cabe a Sammartino asanamutengenso.

Ngakhale ngozi yeni-yeni inali kulowa m'nkhani. Mu April 1976 Stan Hansen, poponya a Sammartino pansi, anawagwetsera pa mutu ndipo fupa la m'khosi linathyoka. Kumeneku kunali kulakwitsa, sikunali m'makonzedwe. Koma olengeza anauza anthu kuti khosi linathyoka ndi mkono wa Hansen, umene anali kukwapula nao anzace pa khosi, ndipo kucokera pamenepo mkono umenewo unaopedwa ku Amereka ndi ku Japan kufikira mwini wace atapuma nchito.

WOPHUNZIRA AUKIRA MPHUNZITSI

Koma nkhani imene akulu amaikumbuka kwambiri ndi ya Larry Zbyszko. Ameneyu anali mnyamata wa ku Pittsburgh amene anakula akupembedza a Sammartino, ndipo anawaumiriza mpaka anavomera kumphunzitsa. Izi zinali zoona, osati zopeka. Atayamba kugwetsana kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, kulikonse kumene anapita anali kumulengeza ngati wophunzira wa Bruno. Mu 1978 anatenga lamba wa ogwetsana awiri-awiri pamodzi ndi Tony Garea, komabe dzina lija silinamucoke. Owonerera anamuona akukula pamaso pao, mwana waulemu, wosabera, woyenda m'mapazi a mphunzitsi wace.

Pofika kumapeto kwa 1979 a Sammartino anali atacepetsa kugwetsana ndipo anali kugwira nchito yolongosola masewera pa wailesi ya kanema. Zbyszko anayamba kuonetsa kusakondwa pang'ono-pang'ono. Anakana kufunsidwa mafunso ndi mphunzitsi wace. Pambuyo pace ananena poyera kuti watopa kukhala mu mthunzi wa munthu wina, ndipo anapempha kuti agwetsane naye kuti dziko lione cimene iye ali. A Sammartino anakana. Iye anaumirira. Potsiriza anavomera, koma ananeneratu kuti sadzafuna kumpweteka mwana amene anamulera okha.

Masewerawo anajambulidwa pa 22 January 1980 ku Allentown m'cigawo ca Pennsylvania. Mphunzitsi anali kumgwira wophunzira mwaluso, ndipo akamgwira kotero kuti sangathe kupulumuka, anali kumtaya dala. Cifundo cimeneci ndico cinamupsetsa mtima Zbyszko, pakuti kucitiridwa cifundo pamaso pa khamu kumawawa kuposa kugonja. Atagwera kunja kwa bwalo, a Sammartino anamtsegulira zingwe kuti abwerere. Iye polowa anawaukira, natenga mpando wamatabwa, nawamenya nao pamutu mpaka anagona m'magazi.

Taganizani, owerenga athu. M'masewera amenewa kumenyana ndi mpando si cinthu cacilendo, ndipo masiku ano ana amakuona sabata iliyonse osagwedezeka. Cimene cinapangitsa mpando uwu kukhala wolemera ndi zaka zonse zija zimene anthu anaona awiriwa ali ngati tate ndi mwana. Woluka nkhani wopupuluma akanawadanitsa patapita miyezi itatu, ndipo palibe akanalira. Apa anthu anakwiya zeni-zeni. Zbyszko anasimba kuti galimoto lace linaphwanyidwa ndi anthu ndipo kuti tsiku lina analasidwa ndi mpeni. Kucita kotere n'koipa ndipo sitikukuyamikira, koma kukusonyeza kuzama kwa cimene anthu anamva. Kwa iwo Zbyszko sanali wosewera ai. Anali mwana wosayamika, wa mtundu uja umene mudzi uliwonse umaudziwa: wakwera pa msana pa njobvu nayamba kunena kuti kunja kulibe mame.

Awiriwa anakumana m'mizinda yambiri caka cimeneco, mabwalo akudzaza, ndipo mlandu sunathe. Unakathera pa 9 August 1980 m'bwalo la Shea Stadium ku New York, m'kati mwa khola la zitsulo mmene munalibe pothawira, pamaso pa anthu 36,295. A Sammartino anapambana. Koma Zbyszko sanaitaye nkhaniyo. Anadzicha dzina laulemu limene linali la mphunzitsi wace, ndipo zaka zonse zotsatira, m'makampani ena kumene anakagwira nchito, anali kudzitama kuti ndiye anapumitsa Bruno Sammartino. Anadyera mpando umodzi uja moyo wace wonse. Mu 2015, pamene kampani ya WWE inamuika Zbyszko m'gulu la akatswiri olemekezeka, amene anaimirira kumlandira anali a Sammartino omwewo. Iwo anamwalira mu April 2018.

KU JAPAN AMADIKIRA

Anthu a ku Japan ali ndi njira yao. Kumeneko, makamaka m'kampani ya All Japan imene inali m'manja mwa Giant Baba, kunalibe zolankhula zambiri kapena kulandana akazi. Nkhani inali kusimbidwa ndi kugwetsana kweni-kweniko. Toshiaki Kawada anaphunzira sukulu imodzi ndi Mitsuharu Misawa, ali kumbuyo kwace ndi caka cimodzi, ndipo m'bwalo anakhalanso kumbuyo kwace. Anayesa kumlanda ungwazi kangapo, nalephera. Njira imene inamgwetsa caka catha, caka cino anali kuizemba, ndipo owonerera, amene anali kukumbuka zonse, anali kufuula poona kuti waphunzira. Mu June 1995 anamgonjetsa koyamba, koma munali m'masewera a awiri-awiri. Kumlanda ungwazi kunabwera pa 1 May 1998 m'bwalo la Tokyo Dome. Baba anali ndi mtima wa mlimi wa mitengo ya zipatso, amene sadandaula kuti caka coyamba sadzachola kanthu.

PAMENE ULUSI UDUKA

Sikuti nkhani zonse zimafika kumapeto. Wolemba buku akhoza kusunga anthu ace mpaka tsamba lotsiriza, koma woluka nkhani za ogwetsana amagwira nchito ndi matupi a anthu. Wina athyoka mwendo, wina akangana ndi abwana pa za malipiro napita ku kampani ina, wina amwalira. Mu June 2007 WWE inaonetsa mwini wace, Vince McMahon, mwana wa Vincent J. McMahon uja, akulowa m'galimoto limene linaphulika, ndipo nkhani inali yakuti afufuze amene anamupha. Patapita masabata awiri kunamveka za imfa zeni-zeni za wogwetsana Chris Benoit, mkazi wace ndi mwana wao. Maliro abodza sakanapitirira pakati pa maliro eni-eni, ndipo McMahon anaonekera wamoyo, nkhaniyo n'kutayidwa.

Pamenepo palibe angadzudzule. Comwe cimakwiyitsa okonda masewerawa ndi ulesi. Anthu awiri amene anafuna kuphana caka catha aoneka lero akuseka pamodzi popanda wofotokoza kumene anayanjanira. Cinsinsi cimene anthu anacidikira caka cathunthu ciululidwa ngati nthabwala. Kampani yocita zotere imakhala ikuuza owonerera kuti kukumbukira kwao kulibe nchito, ndipo munthu amene wauzidwa zimenezi kawiri kapena katatu amaleka kusamala za mwezi wa mawa.

NGONGOLE YA ATATE

Tibwerere kwa lamba uja wa a Sammartino. Pa 30 April 1977 anawalanda ndi Superstar Billy Graham mu mzinda wa Baltimore. Pa 26 September caka comweco Graham anakumana ndi Dusty Rhodes ku Madison Square Garden. Rhodes, munthu wonenepa ndi wa pakamwa potsekemera amene anali kudzicha mwana wa wokonza mipope, anapambana cifukwa Graham anawerengeredwa ali kunja kwa bwalo. Ananyamula lamba m'mwamba anthu akukuwa, koma lamulo limati lamba sasintha manja mwa njira imeneyo, ndipo anamlanda. Anakhala ngwazi ya dziko lonse katatu m'bungwe la NWA, koma lamba wa ku New York sanamugwirenso. Anamwalira mu June 2015.

Palibe amene mu 1977 anakonza kuti nkhaniyi idzapitirire. Inangokhala pansi monga mbeu yogwera m'mbali mwa munda. Mu April 2022 mwana wace, Cody Rhodes, anabwerera ku WWE atakhala kunja zaka zisanu ndi cimodzi, nauza anthu kuti wabwera kudzatenga lamba amene atate ace anamgwira koma osapita naye kunyumba. Ngwazi inali Roman Reigns. Pa masewera akulu a WrestleMania mu April 2023 aliyense anayembekeza kuti ngongole ibwezedwa, koma Cody anagonja cifukwa wacibale wa Reigns analowerera. Ambiri anadandaula kuti oluka nkhani aononga. Ife tiona kuti anacita monga Baba ndi McMahon wamkulu: anadziwa kuti njala ikakula nsima imakoma.

Koma kuciyambi kwa February 2024 kunatsala pang'ono kuti ulusi uduke. Dwayne Johnson, wochuka ndi dzina lakuti The Rock ndiponso m'mafilimu, anaonetsedwa ngati ndiye adzatenga malo a Cody pokumana ndi Reigns. Mwa ndalama zinali zomveka, pakuti dzina lace ndi lalikulu. Koma owonerera anakana kwa mtu wa galu, m'mabwalo ndi pa intaneti pomwe, mpaka kampani inabwerera m'mbuyo ndipo The Rock anasanduka mdani m'nkhani yomweyo. Pa 7 April 2024 mu mzinda wa Philadelphia, Cody Rhodes anagonjetsa Reigns, amene anali atakhala ngwazi masiku 1,316. Panali patapita zaka zoposa 46 cicokere usiku uja wa ku Madison Square Garden. Abale ndi anzace atadzaza m'bwalo, iye anatenga lambayo nampereka m'manja mwa amai ace.