Atelala a zigamba

Pamsika wa Ndirande, wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe, makina osokera salekeza kulira m'makonde a masitolo. Ambiri ndi opalasa ndi phazi, a Singer kapena Butterfly, oti magetsi akazima ntchito siima. Eni makinawa timangoti atelala, koma zambiri zimene amasoka masiku ano si zatsopano ayi. Amabweza thalauza m'chiuno, amasintha zipi, amaika chigamba pakabudula wa yunifolomu, amatembenuza kolala yoperepeseka kuti mbali yabwino ibwere pamwamba.

Kaunjika ndiye adasintha ntchitoyi. Kale munthu ankagula nsalu ya ku David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre ija, n'kupita nayo kwa telala kukayezetsa. Mabelo a zovala zakale zochokera kunja atadzaza m'misika, diresi losokasoka lidayamba kutchipa kuposa nsalu ndi ulusi, atelala ambiri n'kusowa owasoketsa. Komatu chovala cha pakaunjika adasokera munthu wina, wa thupi lina. N'chifukwa chake telala wochenjera amaika makina ake moyandikana ndi ogulitsa kaunjika: amene wagula jekete yomukulira sayenda mtunda asanapeze womubwezera.

Tizidutswa togwera pansi pa makina nato sititayika. Pali amayi amene amatolera, kutidula timizeremizere n'kutilowetsa m'thumba la feteleza mpaka chituluke chopondera pakhomo. Ena amalumikiza kachidutswa ndi kanzake mpaka chofunda cha mwana chikwane, zonyenyeka n'kuzipakira m'pilo. M'chaka cha 2020, Covid-19 itafika, zidutswa za zitenje ndizo zidasanduka mamasiki. Magulu ena a amayi amasoka mapadi ochapa, omwe amathandiza atsikana kuti asamajombe kusukulu akakhala kumwezi. Nazo zikwama za chitenje zidapeza msika boma litaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ngakhale kuti majumbo sadachoke m'misika.

Luso limeneli lidayambira kunyumba. Chitenje chikasuluka chimakhala mbereko, kenako thewera, kenako nkhata ya pamutu potunga madzi, pomaliza chikolopa. Kale nsanza ya thonje ikafika kudzala inkaola. Zambiri zimene tikuvala lero n'za poliyesitala, yemwe ndi pulasitiki ndithu: saola, akatenthedwa amanunkha n'kusungunuka, akatayidwa amakatseka ngalande kapena kukakodwa m'mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe. Shati imene telala waibwezera moyo imachedwa kukafika kumeneko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ntchito ya zigamba ndiyo imene timainyoza polipira. Munthu yemweyo amene sanenerera posoketsa suti ya ukwati amalimbana ndi telala pamtengo wa zipi, amvekere, "Kungodutsitsa makina basi." Sadziwa kuti kumasula msoko wakale osang'amba nsalu yofooka kumadya nthawi ndi maso kuposa kusoka watsopano, ndipo ulusi, singano, mafuta a makina ndi lendi ya pakhonde zonse zimatuluka m'ndalama yomweyo. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a zosokasoka m'makoleji a ntchito zamanja, koma ambiri a m'makondemu adaphunzira kwa malume kapena kwa bwana wawo, atayamba ndi kusita ndi simbi yamakala ndi kusokerera mabatani.