Bitcoin Yobedwa Imasiya Mapazi

Mu Ogasiti 2016, munthu wina analowa mozemba m'makompyuta a Bitfinex, msika wa ndalama za pa intaneti, n'kusamutsa Bitcoin pafupifupi 120,000. Panthawiyo mtengo wake unali madola a ku America pafupifupi 72 miliyoni. Chodabwitsa n'chakuti aliyense ankatha kuona pomwe ndalamazo zagona.

Bitcoin ikasamuka, zimalembedwa m'kaundula wa poyera wotchedwa blockchain, ndipo zolembedwazo sizifufutika. Kaundulayu satchula dzina la munthu, amangoonetsa adiresi, mzere wautali wa zilembo ndi manambala. Ofufuza amalondola ndalama kuchoka pa adiresi ina kupita pa ina, mpaka zitafika pomwe munthu amafunsidwa chiphaso, monga posinthira Bitcoin ndi madola. Apo ndiye pamene wakuba amaterereka.

Pa nkhani ya Bitfinex ija, Ilya Lichtenstein ndi mkazi wake Heather Morgan ankazunguliza ndalama zobedwazo pang'onopang'ono, kudzera m'maakaunti a mayina abodza komanso msika wachinsinsi wa AlphaBay. Zina mpaka anagulira makadi ogulira katundu ku sitolo ya Walmart. Apolisi atapatsidwa chilolezo ndi khoti, anatsegula mafayilo omwe Lichtenstein ankasunga pa intaneti, n'kupezamo maadiresi pamodzi ndi makiyi osamutsira ndalamazo. Mu Febuluwale 2022 boma la America linalengeza kuti lalanda Bitcoin zoposa 94,000, zomwe panthawiyo zinali zokwana madola 3.6 biliyoni. Mu 2024 mwamunayo analamulidwa kukhala kundende zaka 5, mkaziyo miyezi 18.

Kubweza ndiye kovuta. Boma silingangotenga ndalama n'kupatsa amene walira kwambiri. Khoti limayamba lagamula kuti wolakwayo walandidwa katunduyo, kenako aliyense amene akuti ndi wake amapereka pempho ndi umboni. Pa nkhani iyi mwini wake weniweni sanali wodziwikiratu. Itaberedwa, Bitfinex inadula pafupifupi 36 peresenti pa akaunti ya kasitomala aliyense n'kumupatsa zikalata za ngongole zotchedwa BFX, zomwe pofika 2017 zinali zitawomboledwa ndi madola kapena masheya. Kampaniyo imati inalipira kale. Makasitomala ena amati anataya Bitcoin, osati madola a mu 2016, ndipo m'maganizo mwanga mfundo yawo si yongoikankhira kumbali. Mu Januwale 2025 oimira boma anapempha khoti ku Washington kuti Bitcoin zolandidwazo zibwezedwe ku Bitfinex.