Musathamangitse bulu thukuta lisanayambe

Alimi anzanga, tsiku lina mwezi wa Okutobala ndili pamsika ndidaona mnyamata atapakira matumba a chimanga m'ngolo, n'kuyamba kukwapula abulu pomwepo kuti athamange. Asanafike n'komwe pamlatho, bulu mmodzi adagwada, ali wefuwefu. Nditamudzudzula adati, "Bambo, ndikawayendetsa pang'onopang'ono dzuwa liwapsereza tisanafike." Ganizo limeneli ndi lolakwika, ndipo zimene akatswiri adapeza pa mahatchi, omwe ndi abale ake a bulu, zikutiuza chifukwa chake.

Hatchi ikamapuma thupi lake limatentha madigiri 37.5 mpaka 38.5. Ikayamba kuthamanga, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu imene minofu ikugwiritsa ntchito amasanduka kutentha. Njira yaikulu yochotsera kutenthaku ndi thukuta, ndipo pantchito yolemetsa hatchi imatha kutaya malita 10 mpaka 15 pa ola limodzi, pamodzi ndi mchere wambiri.

Vuto ndi lakuti thukuta silibwera nthawi yomweyo. Magazi ayenera kutenga kutentha m'minofu n'kukakutula pakhungu, ndipo mitsempha ya pakhungupo imatseguka pang'onopang'ono. Mukayamba ndi kuyendetsa hatchi kwa mphindi ngati 10, thupi limafunda pang'ono, mitsemphayo imatseguka, ndipo kapamba, chiwalo chija chimatupa mwa ana odwaladwala malungo, chimatulutsa magazi amene chidasunga. Ntchito yeniyeni ikamayamba, thukuta limakhala litayamba kale kapena lili pafupi. Koma hatchi yongodzutsidwa n'kuthamangitsidwa imaunjika kutentha m'kati mphindi zoyambazo, ndipo ikapyola madigiri 41 moyo wake uli pachiswe.

Musapitirire nazo muyeso. Kukatentha kwambiri, makamaka kukachita chinyezi choti thukuta siliuma, kuyendetsa nyama nthawi yaitali ntchito isanayambe kumangoiwonjezera moto. Zimenezi zidafufuzidwa kwambiri pokonzekera masewero a Olimpiki a 1996 ku Atlanta, dziko la America, komwe kumatentha ndi chinyezi. Kafukufuku yemweyo adathetsanso mantha akale oti madzi ozizira amapweteka hatchi yotentha thupi. Sapweteka. Ithireni ambiri, mobwerezabwereza.

Bulu amapirira ludzu kuposa hatchi, n'chifukwa chake timamuzunza osadziwa, koma naye amadalira thukuta. Ine abulu anga ndimawamanga pangolo yopanda kanthu, n'kuyenda nawo wamba kuchoka pakhomo kukafika kumunda. Ulendo umenewo ndi wokwanira. Ndikapakira katundu, mtunda woyamba sindigwira chikwapu ayi. Pofika pamsika ndimawaimika pamthunzi, n'kuwapatsa madzi ndi kamchere pang'ono.

Bulu wa mnyamata uja tidamumasula, tidamuthira ndowa zingapo za madzi a pamjigo, ndipo adadzuka patapita nthawi. Matumbawo adagona pamsewu mpaka madzulo.