Chitsulo cha bull bar chimateteza galimoto kuposa anthu

Galimoto zambiri zoyenda m'misewu yovuta, monga Toyota Land Cruiser ndi Hilux, zikangogulidwa zimaikidwa chitsulo chachikulu kutsogolo chotchedwa bull bar. Chitsulochi chinatchuka ku Australia, komwe madalaivala amagunda nyama za kangaroo ndi ng'ombe m'madera akutali, ndipo ntchito yake ndi kuteteza nyali ndi radiator kuti ulendo usathere m'tchire. Pa ntchito imeneyi chimathandizadi.

Nkhani imasintha pa ngozi yaikulu. Kutsogolo kwa galimoto zamakono kunapangidwa dala kuti kuzikhwinyata ikawombana ndi chinthu, n'cholinga choti mphamvu ya ngoziyo ithere pomwepo isanafike kwa anthu okwera. Chitsulo cholimba chomwe chawotchereredwa pa chasisi chimasokoneza dongosololi, moti galimoto ikhoza kuoneka yosaonongeka kwambiri pomwe anthu mkatimo avulala modetsa nkhawa. Komanso tizipangizo tolamula airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi, tinatcheredwa molingana ndi momwe galimotoyo inatulukira ku fakitale. Chitsulo chomwe sichinayesedwe pa galimoto ya mtunduwo chikhoza kuchititsa kuti thumbalo lifufume pa nthawi yolakwika.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi oyenda pansi ndi okwera njinga, omwe ndi ochuluka m'misewu ya kuno. Bampala ndi boneti zimabonyoka munthu akagundidwa, koma chitsulo sichigonja, ndipo mwana chimamupeza pamutu kapena pachifuwa. Kaamba ka ichi, bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2005 loti zitsulo zotere ziziyamba zayesedwa ngati sizivulaza kwambiri oyenda pansi zisanagulitsidwe. Boma la India linalamula mu December 2017 kuti akuluakulu oona zapamsewu azilanga oika zitsulozi mosaloledwa.

Ku Australia komweko sizinaletsedwe, koma makampani odziwika amapanga chitsulo cha mtundu uliwonse wa galimoto payokha ndi kuchiyesa kuti chigwirizane ndi airbag. Apa ndi pomwe akuluakulu ogula galimoto za boma ayenera kuikapo mtima: wogulitsa azionetsa umboni wolembedwa woti chitsulocho chinayesedwa pa galimoto yomwe ikugulidwayo, umboni womwe wowotcherera zitsulo wamba sangaupereke.