Wochenjera pamsika, bwanji ali duu m'kalasi?

Pamsika wa Tsangano mupeza mwana wa zaka 7 akuwerengera mayi ake ndalama za mbatata ya kachewere, chenji osaphonya. Koma akalowa m'kalasi, aphunzitsi n'kufunsa m'Chipwitikizi, mwana yemweyo amangoti duu. Ena amafulumira kunena kuti ndi mbuli. Ayi ndithu.

Katswiri wa ku Russia, Lev Vygotsky, yemwe anamwalira mu 1934, anaphunzitsa kuti nzeru za mwana zimakula pocheza ndi omuposa. Chimene sangathe yekha lero amachitha wina akamugwira dzanja, mawa n'kumachita yekha. Dzanja limenelo ndi mawu. Nanga mungamugwire bwanji ndi mawu amene sanawamvepo kunyumba?

Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa ntchito ya PEBIMO, kuphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Mu 2003 njirayi inayamba m'sukulu zina za boma.

Makolo anzanga, mantha anu akuti Chipwitikizi chichedwa ndi omveka, poti mayeso ndi ntchito zimafuna chomwecho. Komabe kafunseni kusukulu kwanu ngati kalasi yotere ilipo, mukamve nokha momwe ana akuyankhira.