Sukulu ya Malamulo ya ku Durban ndi Mirandu ya Anthu a Nchito

Ali yense wa inu amene anafikako ku Durban, kaya pa sitima yocokera ku Joni, kaya kucokera ku minda ya nzimbe ya m'mbali mwa nyanja, anauona mtunda wautali umene uli kumbuyo kwa mzinda, dzina lace Berea. Pamwamba pa mtundawo pali nyumba yakale ya denga lozungulira ngati mphika wovundikira, yopenya ku doko kumene zombo zimaima. Nyumbayo ndiyo Howard College, ndipo m'menemo muli sukulu yophunzitsa malamulo, kumene amaturuka maloya ndi oweruza mirandu. Kapena wina adzati, "Nanga ife a m'migodi ndi m'mapulazi, za maloya zitikhudza bwanji?" Yankho lace ndi ili: tsiku limene bwana akaniza malipiro, kapena pfumbi la mgodi likadya mapapu a munthu, mlandu wace umathera m'manja mwa anthu ophunzira m'sukulu zonga imeneyi. Cifukwa cace nkwabwino kuti timve mbiri yace.

Ciyambi Cace

Sukulu yaikuru ya Natal inayamba m'caka ca 1910 ku Pietermaritzburg, ndipo dzina lace loyamba linali Natal University College. Pambuyo pace inaphuka nthambi ku Durban. Nyumba ya pa Berea inatsegulidwa mu 1931, ndipo ndarama zomangira anapereka ndi T. B. Davis, Mzungu wa ku cisumbu ca Jersey, amene analemera ndi nchito yokweza ndi kutsitsa katundu wa m'zombo pa doko la Durban. Mwana wace Howard anafa mu 1916 pa nkhondo yaikuru yoyamba, atalasidwa ku Somme m'dziko la France, ndipo atate wace anafuna kuti dzina la mwanayo lisafafanizike. Poyamba m'nyumbamo ankaphunzitsa za makina ndi zomanga, ndipo a malamulo analowamo pambuyo. Mu 1949 sukulu yonse inaima payokha, nichedwa University of Natal.

Koma taonani cinthu cowawa. Cuma ca pa doko cinali thukuta la amuna akuda osenza matumba, koma ana a amuna amenewo sanaloledwe kukhala pa mipando ya m'nyumba yomangidwa ndi cumaco.

Lamulo la Masiku Aja

Akuru akale akukumbukira m'mene lamulo linkamucitira munthu wa nchito. Panali malamulo ochedwa Masters and Servants, amene anati wanchito akacoka nthawi ya pangano isanathe, kapena akakana mau a bwana, wapalamula mlandu wa ndende. Ndipo malamulowo anafafanizidwa mu 1974. Panalinso ziphaso, zimene munthu wakuda sanayende popanda izo.

Mbale wathu Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town mu 1919, anaona msanga kuti bwalo la mirandu nalo ndi malo omenyerapo nkhondo. Mu 1926 Boma linamletsa kulowa m'Natal. Iye anapita ndithu ku Durban, anamgwira, namtsutsa. Koma atadandaula ku bwalo lalikuru anapambana. Mnzace A. W. G. Champion, mtsogoleri wa bungwelo ku Durban, anatengeranso mirandu yambiri ya anchito ku bwalo, napambana ina. Koma maloya ao anali Azungu, ndipo ndarama zambiri zimene anchito anasonkha zinathera pa kuwalipira. Pamenepo anthu anazindikira kuti pfuko lopanda maloya ace liri ngati mudzi wopita ku mlandu ndi nkhoswe yobwereka.

Khomo la Kuseri

Mu 1936 mai wina wa ku England, Mabel Palmer, anaumiriza akuru a sukulu kuti alole anthu akuda ndi Amwenye kuphunzira. Analola, koma osati pa Berea ai. Ophunzirawo ankasonkhana m'nyumba za sukulu ya Amwenye ya Sastri College kumapeto a sabata, ambiri a iwo aphunzitsi ndi alembi amene anali atagwira nchito sabata yonse. Mayeso anali amodzimodzi ndi a Azungu, koma zipinda zinali zosiyana.

Mu 1959 Boma la tsankho linaika lamulo lakuti munthu wosakhala Mzungu asalowe m'sukulu zazikuru za Azungu popanda cilolezo ca nduna. Azulu anawamangira sukulu yao ku Ngoye, ndipo Amwenye anawapatsa nyumba zakale za asilikari a pamadzi pa cisumbu ca Salisbury m'doko la Durban mu 1961. Sukulu ya Amwenyeyi ndiyo inasanduka University of Durban-Westville. Kumeneko anaphunzira malamulo Zak Yacoob, munthu wosaona ciyambire ukhanda wace, amene mu 1998 anakhala woweruza pa Bwalo la Malamulo Akuru a Dziko, ndilo bwalo loposa onse. Pa 1 January 2004 sukulu ziwirizi, ya Natal ndi ya Durban-Westville, zinaphatikizidwa kukhala imodzi, University of KwaZulu-Natal, ndipo malamulo amaphunzitsidwa ku Howard College ndi ku Pietermaritzburg.

Anthu Amene Anabukitsa Mbiri Yace

Mbiri ya sukulu iri mwa anthu ace. Woyamba timchule Navi Pillay, mwana wamkazi wa woyendetsa basi wa ku Clairwood. Anthu a kwao anasonkha ndarama kuti aphunzire, ndipo anatsiriza maphunziro a malamulo ku Natal mu 1965. Mu 1967 anatsegula ofesi yace, nakhala mkazi woyamba wosakhala Mzungu kutero m'Natal monse. Mu 1973 anapambana mlandu umene unapatsa akaidi a ku Robben Island ufulu wakuonana ndi maloya ao. Pambuyo pace anaweruza mirandu ya kuphana kwa ku Rwanda pa bwalo la ku Arusha, ndipo kuyambira 2008 kufikira 2014 anali mkuru woyang'anira ufulu wa anthu m'bungwe la United Nations.

Waciwiri ndi Griffiths Mxenge. Maphunziro ace anadukizidwa pamene anamtsekera zaka ziwiri ku Robben Island, koma ataturuka anabwerera, natsiriza mu 1970. Anakhala loya wa anthu ogwidwa cifukwa ca ndale, ndipo pa 19 November 1981 apolisi a kabisira anamupha ndi mipeni ku Umlazi. Mkazi wace Victoria anapitiriza nchito ya pa ofesiyo, naphedwa iyenso pa khomo pace mu August 1985.

Ndiponso mwa aphunzitsi Acizungu munali amuna olimba mtima. Profesa Tony Mathews analemba buku lochedwa Law, Order and Liberty in South Africa, loonetsa m'mene malamulo otsekera anthu popanda kuzenga mlandu anaonongera cilungamo. Profesa Barend van Niekerk analankhula m'holo ya mzinda wa Durban mu November 1971, nauza oweruza kuti asakhulupirire umboni wa anthu otsekeredwa paokha m'manja mwa apolisi. Cifukwa ca mau amenewo anamtsutsa ndi mlandu wonyoza bwalo. Si onse a pa sukulupo anali otere, pakuti ambiri anangophunzira za malonda ndi za cuma, natseka maso ao. Koma awa ndiwo akumbukika.

Kutsitsa Lamulo pa Phiri

Cimene cinabukitsa sukuluyi koposa ndi kutengera lamulo kwa anthu osauka. Mu 1973, caka comwe anchito zikwi zambiri a ku Durban ananyanyala nchito, kuyambira pa kampani ya njerwa ya Coronation, mphunzitsi wacinyamata David McQuoid-Mason anatsegula pa sukulupo ofesi yothandiza anthu pa mirandu kwaulere. Amaicha kiliniki, pakuti monga wodwala apita kwa dotolo, momwemo wa mlandu afikako ndi bvuto lace. Ophunzira a caka cotsiriza amamva nkhani ya munthu, nalemba makalata, ndipo maloya okhoza amayang'anira nchito yao. Kilinikiyo ikalipo kufikira lero.

Mu 1986 mphunzitsi yemweyo anayambitsa ciphunzitso cochedwa Street Law, ndiko kunena lamulo la munthu wa mumseu, cimene cinayambira ku Georgetown m'dziko la America. Ophunzira malamulo amapita m'sukulu za ana ndi m'ndende kukafotokoza m'mau apafupi zimene munthu ayenera kucita akagwidwa ndi apolisi, akacotsedwa nchito, kapena akagula katundu pa ngongole. Ciphunzitsoci cinafalikira m'dziko lonse la South Africa kucokera ku Durban.

Zimene Amaphunzira

Wofuna uloya amaphunzira zaka zinai, nalandira digiri yochedwa LLB. Kale digiri imeneyi inali yaciwiri, yotengedwa munthu atatsiriza ina, koma kuyambira 1998 mwana akhoza kuiyamba atangocoka ku sekondale. Lamulo la dziko lino liri ngati cingwe copota ndi luzi lamitundu-mitundu: la Aroma ndi Adachi limene linadza ndi Mabunu, la Angerezi, ndi la makolo a anthu akuda, lonena za ukwati, cuma ca masiye ndi ufumu. Pamwamba pa zonsezi pali Malamulo Akuru a Dziko a 1996, amene lamulo liri lonse liyenera kuwagonjera. Amaphunziranso malamulo a nchito, a minda, a upandu, ndi a zombo, popeza Durban ndi doko lalikuru. Caka ndi caka amacita bwalo loyeserera lokumbukira Ellie Newman, pamene ophunzira amatsutsana pamaso pa oweruza enieni. Atatsiriza digiri, munthu ayenera kuyamba waphunzira nchito pansi pa loya wamkuru ndi kulemba mayeso ena, asanaloledwe kuimirira anthu.

Njira yace njokwera mtengo. Mu September 2016, pa nthawi imene ophunzira a dziko lonse anadandaula za kukwera kwa ndarama za sukulu, nyumba ya mabuku a malamulo ya ku Howard College inatenthedwa, ndipo mabuku akale ena anapsya. Dandaulo la ana a osauka linali loona, koma moto sunacepetse ngongole ya munthu ali yense.

Akuru a Oweruza Anai

Tsono imvani codabwitsa. Sandile Ngcobo anakhala Mkuru wa Oweruza onse a South Africa kuyambira 2009 kufikira 2011. Anamtsata Mogoeng Mogoeng kufikira 2021. Kenaka Raymond Zondo kuyambira 2022 kufikira 2024. Ndipo mu September 2024 mpandowo anaulandira Mandisa Maya, mkazi woyamba kuukhala. Anai onsewa analandira LLB yao ku University of Natal, sukulu yomwe ija imene makolo ao sakadapondamo. Zondo anayamba kuphunzira nchito pa ofesi ya Victoria Mxenge, anathandiza kukonza lamulo la nchito la 1995, nakhala wapampando woyamba wa bungwe la CCMA, limene limamva madandaulo a anchito.

Mau kwa Inu

Abale, izi siziri nkhani za kutali. Mu 2011 Bwalo la Malamulo Akuru, Ngcobo ali mkuru wace, linagamula pa mlandu wa Thembekile Mankayi kuti wa mumgodi wodwala mapapu akhoza kusumira kampani. Mankayi anamwalira masiku owerengeka ciweruzo cisanaturuke, koma anatsegulira anzace njira. Mu 2018 makampani a golidi anabvomera kupereka R5 biliyoni, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lilipire odwala ndi amasiye ao, pamodzi ndi a ku Malawi ndi ku Mozambique. Mu 2008 Bwalo la Nchito linagamulanso kuti mlendo, ngakhale cilolezo cace ca nchito catha, ali wanchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo dandaulo lace liyenera kumveka.

Koma cenjerani ndi ici. Kwathu timati mlandu suola. Kuno ku CCMA mlandu wa kucotsedwa nchito umaola pakapita masiku 30, ndipo wocedwa ayenera kupempha cikhululukiro cimene sapatsidwa nthawi zonse. Cifukwa cace sungani mapepala a malipiro, nambala ya ku mgodi ndi makalata a ku cipatala pa malo ouma. Musasaine pepala limene simunalimve. Ngati mulibe ndarama za loya, funsani kiliniki ya malamulo ya pa yunivesite yapafupi, kapena ofesi ya Legal Aid South Africa. Pakuti safunsa anadya phula. Ndipo inu amene muli ndi mwana wakuthwa mutu, wamwamuna kapena wamkazi, musamcotse pa sukulu msanga. Woyendetsa basi wa ku Clairwood sanali wolemera kuposa inu.